Mlonda wa Anthu Kapena Mnzake wa Boma?

Mwa milandu yonse imene Amalawi akhala akuitula pabwalo chithere ulamuliro wa chipani chimodzi, ulipo umodzi umene umabwera chaka ndi chaka nuchoka wosagamulidwa, ndiwo wa mabungwe oima paokha ndi boma. Pakuti boma lililonse limene lalowa, ngakhale lija lolowa mabungwe atalilambulira njira, silinachedwe kuwaloza chala kuti ndi chipani chotsutsa chovala chikopa cha nkhosa, ndipo mabungwe nawo, poona kuti mnzawo wadzana wasanduka bwana, sanachedwe kulitcha mayina omwe aja ankatchulira boma lochoka. Tikati mabungwe tikunena mipingo ndi mizikiti pamene ilankhula za dziko, magulu a anthu apantchito, a maloya, a atolankhani, a amayi ndi a alimi, pamodzi ndi aja omenyera ufulu wachibadwidwe amene timawamva pawailesi. Tikati boma tisaganize za Pulezidenti ndi nduna zake zokha, chifukwa Nyumba ya Malamulo, mabwalo a milandu, apolisi, asilikali, makhonsolo ndi bungwe loyendetsa zisankho, zonsezi ndi nthambi za boma, ngakhale kuti si masiku onse pamene zimagwedezekera kumodzi.

A mbali yoyamba amati bungwe ndi mlonda wa anthu wamba, ndipo liyenera kuima potalikira ndithu ndi khomo la mfumu, kuti fungo la ndiwo za kumeneko lisaliiwalitse chimene linaimirira. Pakuti, iwo amatero, mbalame ikatera pauta siilasika, ndipo munthu amene wakhala naye pagome dzulo sungamudzudzule lero ndi mawu okwana. Umboni wawo amautenga kutali, kuyambira pa aphunzitsi ndi akalaliki amene m'chaka cha 1912 anakhazikitsa North Nyasa Native Association ku Karonga, namalembera Bwanamkubwa wa ku Zomba makalata aulemu a madandaulo, kufikira pamene magulu otere analumikizana m'chaka cha 1944 napanga Nyasaland African Congress, a Levi Mumba ali patsogolo.

Koma nkhani imene amaikamba ndi mtima wonse ndi ya Lamulungu la pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi awo onse m'dziko muno, ikunena poyera za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro osakwanira, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndi za mantha amene anatseka pakamwa mtundu wonse. Taonani, amatero a mbali iyi, Nyumba ya Malamulo inalipo ku Zomba, aphungu anali kukhalamo, mabwalo anali kuzenga milandu, wailesi inali kulankhula usana ndi usiku, koma mwa onsewa panalibe mmodzi wotchula chimene mwana aliyense anali kuchidziwa. Zinali ngati masiku a Ahabu, amene anali ndi aneneri mazana anayi omuuza zomukomera, woona nakhala Mikaya yekha, amene mphotho yake inali ndende. Ndipo mphotho ya maepiskopi sinasiyane kwambiri, pakuti kalatayo inaletsedwa kotero kuti kupezeka nayo unali mlandu, iwo anaitanidwa kupolisi ku Blantyre nafunsidwa maola ambiri, nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anapirikitsidwa m'dziko. Komabe madzi anali atatayika. Mu Epulo a Chakufwa Chihana, mkulu wa mabungwe a anthu apantchito, anamangidwa akungotsika ndege ku Lilongwe. Mu Meyi antchito a David Whitehead ku Blantyre ananyanyala, mzinda nugwedezeka. Chaka chisanathe mipingo, Asilamu, maloya ndi amalonda anapanga Public Affairs Committee, imene timangoti PAC, nakhala pansi ndi nduna za Ngwazi maso ndi maso. Ndipo pa 14 Juni 1993 nyali inagonjetsa tambala wakuda, anthu 63 mwa 100 alionse atasankha zipani zambiri.

Amakumbutsanso za 2002, pamene anthu ena anafuna kusintha malamulo aakulu a dziko kuti a Bakili Muluzi aimenso, mipingo ndi maloya nakana kwamtuwagalu, ndipo bilu ija inagwa pa 4 Julayi itaperewera mavoti atatu okha. Pofika pa 2011 mawu awo amalemera, chifukwa chimenecho chinali chaka cha mizere ya galimoto zogona pamalo omwetsera mafuta, cha kusowa kwa ndalama zakunja, cha mphunzitsi wa ku Chancellor College, a Blessings Chinsinga, kuitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, ndiponso cha kazembe wa Britain kuthamangitsidwa. Mabungwe analemba chikalata cha mfundo 20 nakonza zionetsero za pa 20 Julayi. Dzulo lake anyamata a chipani cholamula anayendayenda m'misewu ya Blantyre akunola zikwanje pamsewu, ndipo m'masiku awiri otsatira anthu 20 anafa, ambiri a iwo ku Mzuzu. Pambuyo pake ofesi ya a Rafiq Hajat inapsa, nyumba ya Mbusa MacDonald Sembereka inapsanso, onse awiri atsogoleri a mabungwe, ndipo mu Seputembala mnyamata wa ku Polytechnic, Robert Chasowa, anapezeka atafa. Tsono, amafunsa a mbali yoyamba, munthu amene waona zotere angauzidwe bwanji kuti akalembetse dzina lake kwa boma lomwelo, nalandire kwa ilo chilolezo cholidzudzula?

Mbali yachiwiri anthu ambiri amaipeputsa, poiyesa nyimbo ya nduna zofalitsa nkhani, koma muli anthu oona mtima m'menemo, abwanamkubwa a m'maboma, aphungu ena, mafumu, ngakhale antchito a m'mabungwe momwemo akamalankhula pakhonde madzulo. Funso lawo loyamba ndi lalifupi ndi lobaya: anakusankhani ndani? Phungu, kaya akhale woipa chotani, pakapita zaka zisanu amabwerera kwa anthu ake atavula chipewa, ndipo Amalawi aonetsa kawirikawiri kuti sachita manyazi kumubweza chimanjamanja. Khansala amakumana ndi omusankha pamaliro ndi pachigayo. Koma mkulu wa bungwe, amene amalankhula pawailesi m'dzina la Amalawi onse, palibe tsiku limene Amalawiwo angamuchotse, ndipo alipo ena amene akhala pampando wa bungwe lawo zaka zochuluka kuposa zimene malamulo amalola Pulezidenti, akudzudzula anzawo za kukakamira maudindo.

Funso lachiwiri ndi la ndalama, ndipo pamenepa ndi pamene mlandu umalimba. Mabungwe ambiri amene ali ndi maofesi ndi galimoto sadya za mamembala awo. Amadya zochokera ku London, ku Washington, ku Oslo ndi ku Brussels, ndipo malipoti awo amalembedwa m'Chingerezi napita komweko, osati kwa mfumu ya mudzi umene anajambulamo zithunzi. Makolo anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti kalumo kameneka katimeta bwino nthawi zambiri. Koma kalumoko n'kake, ndiye amasankha mutu woti aumete chaka chino, ndipo tsiku limene wafuna kupita amakapinda n'kukaika m'thumba, monga tinaonera kuchiyambi kwa 2025 pamene boma la America linaimitsa thandizo lake, ntchito zambiri za umoyo ndi za ulimi n'kuima, antchito n'kubwerera kwawo. A mbali iyi amakumbutsanso kuti m'chaka cha 2013, kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill kutaululika, mayiko otithandiza anasiya kuika ndalama m'thumba la boma nayamba kuzidutsitsa kwambiri m'mabungwe. Chotsatira chake, iwo amati, n'chakuti dera limodzi limakhala ndi mabungwe atatu okumba mijigo pamene dera loyandikana nalo lilibe ndi limodzi lomwe, khonsolo imadzamva za ntchitoyo patsiku lotsegulira, ndipo mjigo ukathyoka bungwe litapita, anthu amakagogoda kwa khansala amene sanafunsidwe n'komwe. Ndipo sanena zabodza akamatchula misonkhano ya kunyanja ku Mangochi ndi ku Salima, kumene umphawi umakambidwa m'zipinda zozizira, aliyense nasainira alawansi yake asanapite. N'chifukwa chake, amatero, lamulo la mabungwe la 2000 linati bungwe lililonse lilembetse ndi kupereka chaka ndi chaka mabuku a ndalama ounikidwa, ndipo poti ambiri sanali kutero, lamulo la 2022 linakhazikitsa NGORA, nthambi yoyang'anira mabungwe, ndi mphamvu zoonjezera. Wofunsa mnzake za ndalama za misonkho, asakwiye akafunsidwa za ndalama zimene anazilandira m'dzina la amasiye.

Chachitatu chimene amanena n'chakuti ulonda umenewu nthawi zina umakhala makwerero. Magulu a AFORD ndi UDF anakhala nawo m'PAC asanakhale zipani. Ndipo a Timothy Mtambo, amene m'chaka cha 2019 anatsogolera zionetsero za HRDC zofuna kuti a Jane Ansah, amene anali mkulu wa bungwe loyendetsa zisankho, atule pansi udindo, analumbira kukhala nduna mu Julayi 2020, m'boma la amene anapindula ndi zionetserozo. Amakumbutsanso za masitolo othyoledwa, maofesi a boma otenthedwa, ndi wapolisi amene anaphedwa ku Msundwe mu Okutobala 2019, nafunsa kuti wolipira zonsezi anali yani. Ndipo potsiriza amaloza ntchito imene ilibe phokoso: zipatala za mipingo za pansi pa CHAM, monga Nkhoma, Ekwendeni, Mua ndi St Luke's ku Malosa, zimene zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito ya umoyo m'dziko muno, antchito ake nalandira malipiro ochokera ku boma, amayi oyembekezera nathandizidwa ulere kumene kuli mgwirizano ndi ofesi ya zaumoyo ya m'bomalo. Kodi amenewa agulidwa? Natani, iwo amatero, anatha kudzudzula Davide chifukwa anali ndi khomo lolowera kwa mfumu, ndipo Yosefe sanapulumutse Aigupto ku njala ali pamsewu ndi chikwangwani.

A mbali yoyamba sasowa choyankha. Unduna wa munthu mmodzi, amati, ndi chisankho cha munthuyo, sufafaniza tipeksi amene anapakidwa pamapepala a zotsatira za chisankho cha 2019. Ndipo amene amawerenga masitolo othyoledwa awerengenso amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, amene anachitidwa zamanyazi ndi apolisi obwera kudzabwezera imfa ya mnzawo. Za zipatala amavomera, koma amati kupereka mankhwala ndi ntchito ina, kufunsa kumene mankhwala a boma apita ndi ntchito inanso, ndipo boma limakonda yoyambayo chifukwa imalipeputsira katundu, nilida yachiwiriyo chifukwa imalivundukula.

Ine ndikaika mbali ziwirizi pamuyeso, ndiona kuti a mbali yoyamba amaiwala chinthu chimodzi chimene chili m'nkhani zawo zomwe, ndicho chakuti palibe nkhondo imene mabungwe anaipambana okha, popanda nthambi ina ya boma kuimirira niichita ntchito yake. Bilu ya 2002 inagwetsedwa ndi aphungu m'Nyumba ya Malamulo, ndipo pamene Pulezidenti analetsa zionetsero chaka chomwecho, anali woweruza wa boma, a Dunstain Mwaungulu, amene ananena kuti chiletsocho n'chosemphana ndi malamulo. Chisankho cha pa 21 Meyi 2019 sichinafafanizidwe pamsewu, koma pa 3 Febuluwale 2020 m'bwalo la oweruza asanu, amene anawerenga chigamulo chawo kuyambira m'mawa mpaka usiku, pamlandu umene anausuma ndi a Saulos Chilima ndi a Lazarus Chakwera, bwalo la apilo n'kuvomereza pa 8 Meyi. Ndipo miyezi yonse ija anthu anayenda m'misewu ya Lilongwe asilikali a boma akuwatchinjiriza. Amayi a ku Msundwe nkhani yawo inafufuzidwa ndi Malawi Human Rights Commission, imene ili nthambi yokhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko, bungwe la maloya aakazi n'kuitengera kubwalo, ndipo mu Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda analamula kuti apatsidwe chipukuta misozi. Koma m'chaka cha 2011, pamene apolisi anaiwala lumbiro lawo ndipo Nyumba ya Malamulo inali kungovomera, kulimba mtima konse kwa mabungwe kunathera ku manda a Zolozolo ku Mzuzu. Ndipo ngakhale PAC mu Malichi 2012 inauza a Bingu wa Mutharika kuti atule pansi udindo kapena aitanitse riferendamu, chimene chinaika a Joyce Banda pampando pa 7 Epulo chinali imfa ya Pulezidenti ndi kukana kwa asilikali kupotoza malamulo. Chotero bungwe limene limatukwana boma lonse ngati chinthu chimodzi, osasiyanitsa woweruza wolungama ndi nduna yakuba, likudula nthambi imene mawa lidzafuna kuigwira. Zionetsero zimadzutsa wogona. Koma ngati m'nyumbamo mulibe woti adzuke, mfuu imangobwerera kwa mwini wake, monga anaonera a Sylvester Namiwa, mtsogoleri wa bungwe lina, mu Juni 2025, pamene anamenyedwa ku Lilongwe ndi anthu onyamula zikwanje, apolisi ndi asilikali akuonerera.

A mbali yachiwiri nawo akhoza pa matenda, koma mankhwala awo ndiwakayikira. Funso lija lakuti anakusankhani ndani lili ndi yankho m'malamulo aakulu a dziko lino, amene pa gawo 32 ndi gawo 38 amapatsa munthu aliyense, wosankhidwa ndi wosasankhidwa yemwe, ufulu wosonkhana ndi anzake ndi wochita zionetsero mwamtendere, ndiponso pa gawo 12 amanena kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu ndipo zimakhalapo pokhapokha chikhulupiriro cha anthuwo chikadalipo. Ndiye kuti nzika siivula ufulu wake polowa m'kachipinda kovotera kuti idzauvalenso pakapita zaka zisanu. Kuti mabuku a ndalama atsegulidwe, ine ndivomera ndi manja awiri, ndipo bungwe lokana zimenezi lisadzitche lozunzidwa. Koma kuunika mabuku ndi kugwira pakamwa ndi zinthu ziwiri, ndipo mpata wa pakati pake ndi wopapatiza: lamulo limaletsa mabungwe kuchita ndale za chipani, mawu amene amatanuka monga afunira wowagwira, pakuti kwa nduna imene yafunsidwa za feteleza wosafika, funsolo lokha ndi ndale za chipani. Ngati amene amapereka ndi kulanda chiphaso cha bungwe amasankhidwa ndi nduna, ndiye kuti tsiku lina, mwina osati pansi pa boma ili koma lotsatira, chiphasocho chidzasanduka chingwe. Aliyense wolemba lamulo lotere azilemba akuganiza kuti mawa adzakhala kumbali yotsutsa, chifukwa m'dziko muno palibe chipani chimene sichinalaweko mpando umenewo.

Koma pali chinthu chimene mbali zonse ziwiri zimachilambalala, mwina chifukwa chimawawa ponseponse, ndicho chakuti ufulu wa bungwe pamaso pa boma suchokera ku kutalikira kwake kapena kuyandikira kwake, koma ku anthu amene ali pambuyo pake. Kalata ya 1992 sinathe kuzimitsidwa, osati chifukwa maepiskopi anali ndi abale ku Rome, ngakhale kuti zimenezo ndi kuimitsidwa kwa thandizo la mayiko akunja mu Meyi chaka chomwecho zinathandiza ndithu, koma chifukwa inawerengedwa tsiku limodzi pamaso pa anthu miyandamiyanda amene tchalitchicho anachimanga ndi njerwa zawo, namachisunga ndi chopereka chawo. Kumanga episkopi kunali kumanga parishi iliyonse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Antchito a David Whitehead sanadikire kuti wina awalembere pulojekiti. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bungwe limene lili ndi mkulu, mlembi, galimoto ndi chidindo, koma lopanda mamembala olisonkhera ndi olifunsa, ndi lofooka mbali zonse ziwiri, pakuti wopereka ndalama akatembenuka limafa, ndipo boma likaitana mkulu wake kukampatsa ukazembe kapena mpando m'bodi ya kampani ya boma, palibe msonkhano wa eni ake womufunsa kuti mwapita ndi chilolezo cha yani. Bungwe la aphunzitsi, la anamwino kapena la alimi, limene atsogoleri ake amavoteredwa ndi anthu odula ndalama zawo mwezi ndi mwezi, likhoza kukhala pagome ndi nduna m'mawa n'kunyanyala madzulo, osataya ulemu, chifukwa nduna imadziwa kuti ikulankhula ndi khamu, osati ndi munthu mmodzi wofuna ntchito.

Chida choyesera zonsezi tili nacho kale m'manja, ndipo chinabadwa mwa kukangana ndi kugwirizana komwe kwa mbali ziwirizi. Atolankhani a MISA Malawi ndi anzawo anamenyera zaka zoposa khumi lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani zosungidwa m'maofesi. Aphungu analivomereza mu Disembala 2016, Pulezidenti anasaina kuchiyambi kwa 2017, kenaka linagona m'kabati zaka zitatu ndi theka kufikira pa 30 Seputembala 2020 pamene linayamba kugwira ntchito, Malawi Human Rights Commission n'kupatsidwa udindo woliyang'anira. Lamulo limeneli limalola mlimi wa ku Ntchisi kulembera khonsolo yake kufunsa mtengo wa mlatho ndi dzina la amene anaumanga, ndipo silinasiye kunja mabungwe okhazikitsidwa kuti athandize anthu, kotero kuti mlimi yemweyo akhoza kufunsanso bungwe limene linakumba mjigo m'mudzi mwake kuti linalandira zingati ndipo zinafika pansi ndi zingati. Ine ndikadakhala mkulu wa bungwe, sindikadadikira kalata ya mlimiyo kapena ya NGORA. Ndikadamata mabuku a ndalama za bungwe langa, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, pabolodi la zidziwitso la kukhonsolo ndi pakhomo la mfumu yaikulu ya deralo, kenaka n'kulowa mu ofesi ya bwanamkubwa kukapempha kuti ndione a thumba la chitukuko cha m'dera la phungu.